Zolemba za ntchito ya zoimbira zitatu: lilime la mlombwa, bokosi la zitsulo ndi limu la njinga

Ntchitoyi ndi ya anthu atatu: ine, msuweni wanga amene amakonza mawailesi ndi mafoni, ndi mnzanga amene wakhala akuimba ng'oma m'tchalitchi ndi m'maukwati kuyambira tili anyamata. Tinapangana kuti pomafika kumapeto kwa Ogasiti tikhale titajambula mphindi 40 za nyimbo zopekera pompo, zimene ku Ulaya amazitcha free improvisation. Palibe nyimbo yokonzeratu, palibe wotsogolera, ndipo zimene mwaimba lero simuzibwerezanso mawa. Tinaonjezapo lamulo lathulathu loti aliyense aziimba chinthu chimene manja ake sakuchidziwa. Ndikulemba zonse mmene zikuyendera, zotheka ndi zokanika zomwe, kuti wina wofuna kuyesa asagwere m'maenje amene tagweramo ife.

Epulo, Loweruka lachiwiri

Gitala ndaiimba zaka 15, ndipo ndikangoigwira zala zimathamangira kumene zinazolowera mutu usanaganize n'komwe. Ndikati ndiimbe chatsopano, chimene chimatuluka ndi kachidutswa ka kwaya kapena ka rumba kamene ndinaphunzira kalekale. Derek Bailey, woimba gitala wa ku Sheffield amene anamwalira mu 2005, analimbana ndi vuto lomweli koma gitala sanaisiye. Atagwira ntchito zaka zambiri m'mabandi a dansi ndi a pawailesi, anaziphunzitsanso zala zake kuyambira poyambirira, ndipo m'buku lake la 1980 anasiyanitsa kupeka nyimbo uli mkati mwa mwambo, monga amachitira a jazi kapena a flamenco, ndi kupeka kosatsamira mwambo uliwonse. Imeneyo inali ntchito ya moyo wake wonse. Ife tasankha njira imene anzake ena a Bailey anadutsa, yopanga choimbira chopanda mwambo kuti dzanja lisowe pothawira.

Changa chikhala daxophone. Anachipeka m'zaka za m'ma 1980 ndi Hans Reichel, Mjeremani wa ku Wuppertal amene ankapanganso magitala achilendo, ndipo anamwalira mu 2011. Aliyense amene anakhalapo pa desiki kusukulu akuchidziwa kale: ukapanikiza rula m'mphepete mwa desiki n'kumenya mbali yotulukirayo, imalira. Reichel anatenga kathabwa kopyapyala kotere, kamene ankakatcha lilime, n'kukamangirira mbali imodzi pa chipika. M'malo mokamenya ankakakwecha m'mphepete ndi uta, uku dzanja linalo likupanikiza pamwamba pake ndi kamtengo kokhota ngati mwezi watsopano, kotchedwa dax. Ukamagubuduza kamtengoko, malo opanikizika amasuntha, ndipo mawu amakwera kapena kutsika.

M'mawa ndinapita kwa mmisiri wa matabwa, bambo achikulire amene anatikhomera zitseko kwathu. Ndinawauza kuti ndikufuna timatabwa totalika masentimita 33, mulifupi atatu, kuchindikala mamilimita asanu, womwe ndi pafupifupi muyeso wa malilime a Reichel.

"Ndiye marula a ana asukulu amenewa?"

"Ayi bambo, ndi zoimbira."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anawerama n'kuyamba kufukula mulu wa zidutswa pansi pa benchi. Chidutswa chilichonse ankachigwira ndi zala ziwiri n'kuchigogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu. "Ichi n'chogontha, mwana wanga. Ichi chili ndi mawu." Sanafunsenso zambiri. Anandisankhira mlombwa, mbawa, bulugamu ndi kachidutswa kakuda ka phingo kamene anati anakapeza kwa osema ziboliboli. Phingo ndi mtengo womwe uja ku Ulaya amapangira zitoliro zotchedwa clarinet ndi oboe, ndipo mlombwa ndi umene ku Zimbabwe amasemera thupi la mbira ndi matabwa a marimba. Bambowo zimenezi sanachite kuwerenga. Anazimva ndi chikhadabo.

Epulo, kumapeto

Malilime anayi apalidwa, ndipo sabata yonse yathera pa uta. Mauta a mavayolini amakhala ndi ubweya wa kumchira wa hatchi. Ine ndapinda nsungwi n'kumangapo tizingwe 60 ta nayiloni wa mbedza. Nayiloni ndi woterera, amangodutsa pathabwa osagwira, choncho ndinayamba ndamukanda ndi sandipepa wosalala kuti utomoni upeze pokakamira.

Utomoniwo ndiye unanditengera masiku. Umene oimba vayolini amapaka pa uta ndi wa paini wophikidwa. Alamu anga anandibweretsera wodzaza kachitini, umene anakanda pa mitengo yovulala kale ku phiri la Zomba. Ulendo woyamba ndinauphula msanga, ndipo utazizira unali wonanda ngati chingamu. Tizingwe tonse tinamatana n'kukhala chingwe chimodzi, ndinachita kudula n'kumanganso. Ulendo wachiwiri ndinadekha. Ndinaika chitini pa makala oyamba kuzirala, panja, n'kudikira mpaka thovu litasiya ndi fungo lobaya m'mphuno litachepa. Fungo limenelo ndi thapentaini akuuluka, ndipo amayaka moto, choncho wina aliyense asayese zimenezi m'nyumba kapena pa lawi. Ndinausefa pa kasefa ka waya n'kuuthira m'zitsekerero za mabotolo. M'mawa unali wa mtundu wa uchi, wouma gwa, ndipo ndikaukanda unkatuluka fumbi loyera.

Ndinamangirira lilime la mlombwa pa tebulo ndi chopanira cha mmisiri, n'kukoka uta. Poyamba kunali kukwecheka kokhakokha. Nditachepetsa mphamvu n'kupendeka uta pang'ono, thabwa lija linalankhula. Linatulutsa mawu a pakhosi, ngati nkhalamba ikukonza kukhosi isanayambe kuweruza mlandu, ndipo nditagubuduza kamtengo kokhota mawuwo anakwera n'kusanduka kulira kwa kamwana ka mbuzi. Tsitsi linandiimirira. Mwana wa aneba anasuzumira pampanda kudzafunsa ngati tagula mbuzi.

Meyi, sabata yoyamba

Lilime palokha silimveka patali, limafuna maikolofoni yomata, imene imamva kunjenjemera kwa thabwa osati mawu a mumpweya. Imeneyi ndi piezo, kachitsulo kozungulira ngati ndalama, kokhala ndi kadothi koyera pakati. Kadothiko kakapindika ngakhale pang'ono chabe kamatulutsa timagetsi. Timapezeka m'mafoni akale a m'nyumba ndi m'tizipangizo tolira pii. Msuweni anazula tisanu ndi tiwiri m'zakufa zimene anagula mumsika wa Ndirande, ndipo tiwiri tinasweka pomwe ankawotcherera waya, chifukwa kadothiko sikapirira moto wokhalitsa.

Choimbira chake iye chatengera maganizo a Hugh Davies, Mngelezi amene anagwira ntchito yothandiza wopeka nyimbo Karlheinz Stockhausen ku Cologne, ku Germany, kuyambira 1964 mpaka 1966. Mu 1968 Davies anatenga chikuto cha buku lomaliza la insaikulopediya, anachotsa masamba, n'kuikamo timipeni ta sowo, kasipuling'i ndi tizitsulo tina pamodzi ndi maikolofoni zomata. Pamsana pa bukulo panalembedwa SHO mpaka ZYG, ndipo choimbiracho anachitcha Shozyg. Msuweni m'malo mwa buku watenga dilowa ya kabati yakale. Wakhomamo chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, sipuling'i ya chishalo cha njinga, chipeso, ndi sefa ya tiyi. Amaziimba ndi msuwachi, nthenga ya nkhanga ndi singano yosokera matumba.

Titalumikiza ku mikisa, chipangizo chosakanizira mawu asanapite ku sipika, tinakhumudwa. Mawu anali opyapyala ngati a udzudzu, ndipo pansi pake panali kung'ung'uza kosalekeza. Msuweni anandifotokozera akujambula ndi cholembera pa katoni. "Asuweni, piezo safuna kukokedwa magetsi. Khomo la mikisa limamukoka kwambiri, ndiye mawu akuluakulu apansi amathera m'njira, amangotsala aang'ono." Kung'ung'uzako ndi kwa magetsi a m'khoma, amene kuno amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo waya wosaphimbidwa amakutola ngati eriyo. Mankhwala ake anali atatu: waya wokhala ndi ukonde wachitsulo kuzungulira, kachipangizo ka transista imodzi koyendera batire la mavoti 9 koima pakati pa piezo ndi mikisa, ndi kuika kachipangizoko m'chitini cha sadini cholumikizidwa ku ukonde uja. Atatseka chitinicho kung'ung'uza kunatsika mpaka kungotsala kakang'ono. Kenako anayendetsa nthenga pa sipuling'i, ndipo m'sipika munamveka ngati mabingu akutali kuseri kwa phiri.

Meyi, Lachitatu

Mnzanga wa ng'oma wabwera ndi chake: limu la njinga yakabaza la masipoko 36, lomangirira pa ndowa yachitsulo yovundikira pansi. Masipoko ena wawakunga, ena wawamasula, moti lililonse lili ndi mawu ake. Waonjezapo waya mmodzi wautali wa m'tayala, monga wa babatoni, choimbira chachikulu cha waya mmodzi.

Kupanga wekha choimbira si nkhani yachilendo kwathu kuno. Tinakula tikuona banjo ya chigubu cha mafuta, ndipo lero babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, imene amaiimba ndi kamtengo ndi botolo, kapena ya Madalitso Band ya ku Lilongwe, zamveka mpaka kunja. Koma iwo amapanga choimbira kuti chinyamule nyimbo imene ili kale m'mutu. Ife tikufuna kuyamba m'mutu mulibe kanthu.

Meyi, Loweruka lomaliza

Kuimba limodzi koyamba, m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa shopu ya msuweni. Tajambula mphindi 22 pa foni.

Mphindi zitatu zoyambirira zinali zabwino, mwina chifukwa tonse tinali ndi manyazi. Aliyense ankatulutsa kamawu kamodzi n'kudikira. Kenako mnzanga anapeza masipoko atatu ogwirizana, dzanja lake linawabwereza kawiri, katatu, ndipo posakhalitsa phazi lake linali likugunda pansi. Ine ndinalowa momwemo osazindikira, n'kuyamba kufunafuna nyimbo ya kwaya pa thabwa la mlombwa. Nditadzidzimuka ndinaika uta pansi.

"Aise, tinapangana kuti biti ayi."

"Ndiye ndiziimba chiyani, amwene? Munthu amayenda ndi miyendo iwiri, mtima umagunda. Iwe ukufuna ndiziimba ngati ndikupunthwa?"

Ndinamuyankha mwaukali kuti ngati akufuna za ukwati adikire Loweruka la mawa. Mawu amenewo sanali abwino, ndipo ndinamuimbira usiku womwewo kupepesa. Tinasiyana aliyense atanyamula chake, osatsanzikana bwino.

Nditafika kunyumba ndinamvetsera zojambulazo kawiri ndi mahedifoni. Chimene chinandipweteka sichinali biti ija. Kwa mphindi 12 zathunthu bokosi la msuweni silikumveka n'komwe. Ndikukumbukira ndikumuona akuyendetsa singano pa mano a chipeso mwachifatse, mutu atauweramitsa, koma pa tepi palibe. Tinamukwirira, ndipo amene anali pamwamba kuposa onse ndi ine, ndi mbuzi yanga ija. Ndinakalipira mnzanga chifukwa cha phazi lake pamene ineyo ndinali nditatseka makutu.

Juni, masabata awiri oyamba

Tasiya kaye kujambula. Tikuchita masewera ophunzitsa khutu a John Stevens, woimba ng'oma wa ku London amene pamodzi ndi Trevor Watts anayambitsa gulu la Spontaneous Music Ensemble pakati pa zaka za m'ma 1960, n'kumaimba usiku pa kamalo kotchedwa Little Theatre Club. Stevens anali mphunzitsi weniweni, ankaphunzitsa ngakhale anthu amene sanagwirepo choimbira. Amakumbukiridwa ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ngati sukumumva mnzako, ndiye kuti wakweza kwambiri ndiwe. Yachiwiri ndi yakuti ngati zimene ukuimba sizikukhudzana ndi zimene anzako akuimba, palibe chifukwa chokhalira m'gulumo. Msuweni wazilemba ndi choko pachitseko.

Masewera oyamba ndi a kamawu kakafupi. Aliyense amasankha kamawu kamodzi kakafupikitsitsa kamene angathe, ngati kudontha kwa madzi, n'kumakatulutsa pa nthawi imene waona yekha. Ife timachita titatsinzina. Achiwiri ndi a mawu aatali: kugwira liwu limodzi utali wa mpweya wako, kupuma, n'kuyambanso, osasamala kuti likhale lokongola.

Pa daxophone kamawu kakafupi n'kovuta, chifukwa thabwa limafuna kanthawi kuti lidzuke. Ndapeza kuti ndikagogoda ndi msana wa uta pafupi ndi nsonga kamatuluka "tok" kouma. Chovuta chenicheni ndi mpata wa pakati. Lachinayi panadutsa masekondi mwina 20 popanda aliyense kutulutsa kanthu. Ndinamva malata akulira chifukwa cha dzuwa, wamakala akuitanira panjira, mpweya wa mnzanga ukutuluka m'mphuno. Dzanja linkayabwa kufuna kudzaza mpatawo. Kenako sipoko limodzi linalira, ting, pa nthawi yake yeniyeni, moti tonse tinatsegula maso.

Amene akuchita bwino masewerawa kuposa tonse ndi mnzanga yemweyo. Ndikanayenera kudziwa. Munthu amene waimba ng'oma m'tchalitchi zaka zonsezi wazolowera kutsata kwaya ikamafulumira, kumva pomwe mlaliki akufuna kuyambitsa kolasi, kutsika mayi wina akayamba kupemphera mokweza. Khutu lake linaphunzira kalekale kudikira anthu.

Juni, kumapeto

Chiperoni cha masiku anayi. Nkhungu yalowa mpaka m'chipinda, ndipo matabwa amwa chinyontho. Lilime la mbawa lagontha, la bulugamu lapindika kenako lang'aluka kuyambira pa chopanira. Uta sukugwira bwino, ndikupaka utomoni pafupipafupi. La phingo lokha silinasinthe, popeza mtengowo ndi wolemera ndi wamafuta, koma mawu ake ndi akuthwa, sindiwakonda kuwamva nthawi yaitali. Malilime tsopano ndikuwasunga m'chitini chotseka bwino.

Magetsi anathima madzulo awiri. Tinalumikiza amplifaya ku batire la galimoto, ndipo kung'ung'uza kotsalira kuja kunatheratu. Kuyambira pano tizijambula pa batire ngakhale magetsi alipo.

Julayi, Loweruka loyamba

Mnzanga anafika msanga lero, foni ili m'manja. Anali atatha sabata akumvetsera Louis Moholo, woimba ng'oma wobadwira ku Langa, ku Cape Town, mu 1940. Moholo anali m'gulu la Blue Notes pamodzi ndi Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani ndi Nikele Moyake. Gululo linali la akuda ndi mzungu mmodzi, ndipo malamulo a tsankho sankalola anthu otere kuimba limodzi momasuka. Mu 1964 anachoka ku South Africa kukaimba ku chikondwerero cha jazi ku Antibes, ku France, ndipo chaka chotsatira ambiri a iwo anakhazikika ku London. Kumeneko anakumana ndi anthu omwe aja ine ndakhala ndikuwatchula, ndipo Moholo anadzajambula ndi woimba sakisofoni Evan Parker, ndi Bailey yemwe, ndi woimba piyano Cecil Taylor wa ku America. Koma anthu a ku South Africa amenewa sanataye za kwawo pakhomo. M'kati mwa phokoso losokonekera mumatulukira nyimbo ya m'tchalitchi, kapena kwela, yomwe ija Daniel ndi Donald Kachamba ankaimba kuno ku Chileka, kenako n'kumiranso.

"Tamvera apa, amwene," anatero akundiika hedifoni imodzi kukhutu. "Biti ikubwera, ikupita, palibe akuithamangitsa. Iwe umati ufulu. Ndiye ufulu wake uti woletsa munthu kuyenda?"

Ndinalibe choyankha, chifukwa ankanena zoona. Ndinatenga njira ya Bailey, imene inali yankho la munthu mmodzi pa vuto la zala zake, n'kuisandutsa lamulo la gulu lonse. Kuletsa biti ndi kukonzeratu nyimbo komwe, kungoti ukukonzeratu zimene sizidzamveka. Pansi pa mtima ndinkaganizanso kuti chilichonse chomveka ngati cha kwathu n'chosayenera m'nyimbo zimenezi, ndipo maganizo amenewo ndi amene ndikuchita nawo manyazi kwambiri.

Lamulo tasintha. Biti ikabwera ibwere. Woiyambitsa akhale wokonzeka kuisiya akamva kuti mnzake walowera kwina, ndipo enafe sitikukakamizidwa kuitsatira.

Tinaimba pomwepo. Patapita kanthawi iye anayamba kabiti ka magawo atatu pa masipoko, chapansipansi. Msuweni sanakalowe, anayamba kukokera msuwachi pa sowo mopingasa, pang'onopang'ono ngati akusesa bwalo. Ine ndinagwira liwu limodzi lalitali pa mlombwa, lolira ngati njiwa. Kabiti kaja kanayenda kokha kwa mphindi imodzi, kenako ndinamva akuchotsa sipoko limodzi, kenako lachiwiri, mpaka kunangotsala kugunda kumodzi kogwera ndendende pomwe msuwachi ukufika kumapeto kwa sowo. Anali atasiya biti yake n'kukakhala m'kati mwa kusesa kwa msuweni. Mphindi 9, ndipo ndi chidutswa choyamba chimene tonse atatu tavomereza kuti tisunge.

Julayi, pakati

Keith Rowe, mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la AMM ku London mu 1965 pamodzi ndi Lou Gare ndi Eddie Prévost, ankagoneka gitala chagada pa tebulo n'kumaiimba ndi tizitsulo tosiyanasiyana. Ankatsegulanso wailesi m'kati mwa kuimba, kuti chilichonse chimene chikuulutsidwa nthawi imeneyo chilowe m'nyimbo. Msuweni, amene mawailesi ndiye ntchito yake, anafuna kuyesa. Anabweretsa kawailesi ka mabatire awiri n'kukagoneka m'dilowa muja, pafupi ndi piezo.

Poyamba ankangoyendayenda pakati pa masiteshoni, pomwe pamamveka mphepo ndi kulira kwa mluzu. Zinkagwirizana bwino ndi waya wa m'tayala umene mnzanga ankaukwecha ndi botolo. Kenako chala chake chinaima pa siteshoni ina, ndipo m'chipindamo munalowa mawu a bambo akuwerenga mauthenga achisoni. Dzina la womwalira, mudzi, mfumu, chipatala chimene wamwalirira, tsiku loika maliro, ndi abale amene akudziwitsidwa kulikonse kumene ali.

Palibe anauza mnzake chochita. Mnzanga anachotsa botolo pa waya n'kuusiya ukulira wokha mpaka utatha. Ine ndinali pakati pa liwu lalitali, ndipo ndinalitsitsa mpaka linangokhala ngati kubuula kwa munthu m'chipinda china. Msuweni sanasunthe chala. Bamboyo anawerenga mauthenga atatu, ife tikungoika kamawu apa ndi apo m'mipata imene ankapumira, monga amachitira anthu pa siwa wina akamalankhula. Atayamba nyimbo msuweni anatseka wailesi, ndipo tinakhala chete kwa nthawi yaitali foni ikujambulabe.

Ndikukhulupirira kuti kumeneku ndi kuimba kwabwino kuposa konse kumene tachita. Koma sitikuika pa zojambula zotulutsa. Mayina aja ndi a anthu enieni, ndipo abale awo anapereka uthengawo kuti ufike kwa achibale, osati kuti ukhale chokometsera nyimbo zathu. Mnzanga ndi amene anayamba kunena zimenezi, ndipo panalibe wotsutsa. Wailesi tipitiriza kuigwiritsa ntchito, koma msuweni aziima pakati pa masiteshoni pokha.

Ogasiti, sabata yachiwiri

Pomwe tafika: takumana kujambula maulendo 19, pafupifupi maola 8 onse pamodzi. Zimene tavomereza kusunga ndi zidutswa zinayi, za mphindi 9, 6, 11 ndi 5. Zatsala mphindi 9 kuti tikwanitse 40. Sitikudula kapena kulumikiza m'kati mwa chidutswa, timangosankha poyambira ndi pothera.

Vuto latsopano ndi lomwe lija ndinathawa pa gitala. Miyezi inayi yakwana kuti dzanja lizolowere thabwa. Pomvetsera zojambula za masabata atatu apitawa ndapeza kuti kulira kwa njiwa kuja ndikukubwereza pafupifupi ulendo uliwonse, makamaka ndikasowa chochita. Msuweni ali ndi kusesa kwake kwa msuwachi, mnzanga ali ndi masipoko ake atatu. Ndipo tayamba kudziwana mopitirira: ndikatsitsa liwu ndimadziwiratu kuti nthenga ikubwera. Zikumveka bwino, koma sizikutidzidzimutsanso.

Lachiwiri tinasinthana zoimbira kwa theka la ola. Zinathandiza pang'ono, ngakhale uta wanga unaduka tizingwe 11 m'manja mwa mnzanga, amene amakoka ndi mphamvu ya woimba ng'oma. Mankhwala ena ndi amene Bailey ankagwiritsa ntchito. Mu 1976 anayambitsa Company, gulu lopanda mamembala okhazikika, ndipo kuyambira 1977 ankachititsa Company Week, kumene ankasonkhanitsa oimba osiyanasiyana, ena osadziwana n'komwe, kuti aziimba awiriawiri kapena atatuatatu kwa masiku angapo. Mlendo akalowa, zozolowera sizigwiranso ntchito.

Mlendo wathu akhala azakhali anga a ku Ntcheu, amene ali mtsikana ankaimba mkangala, uta wa bango wa chingwe chimodzi umene amaugwiriza pakamwa. Chingwecho chimapereka mawu ochepa, koma woimba akamasintha kukula kwa m'kamwa mumatuluka timawu tina tapamwamba tobisika m'chingwemo. Akubwera kuno kumapeto kwa sabata ku chinkhoswe, ndipo ndinawaimbira foni kuwafotokozera zonse, za thabwa, za dilowa, za limu la njinga.

"Ndiye nyimbo yake ndi iti, mwana wa achimwene?"

"Palibe, azakhali. Tizingomverana."

Anakhala chete pang'ono. "Chabwino, ndibwera nalo bango. Koma ndisanaimbe ndiyambe ndakumvani kaye."

Mkangala mawu ake ndi aang'ono kwambiri, omveka kwa woimba ndi amene wakhala pafupi, ndipo sitikufuna kuumata piezo chifukwa timawu ta m'kamwa tija sitidutsa m'bango. Choncho amplifaya itsika mpaka pomwe nthenga ya msuweni ingomveka pang'ono, ndipo foni yojambulira iikidwa pafupi ndi mpando wa azakhali. Zoti ndichite lisanafike Loweruka: kumanganso uta, kuphika utomoni wina chifukwa watsala chitsekerero chimodzi, kutchaja batire, ndi kukatenga kwa bambo a matabwa aja lilime latsopano la mlombwa, lopyapyala kuposa loyamba, loti lizitha kulankhula chapansipansi.